Papa Francis atamwalira, misozi yambiri inachokera kutali

Lolemba pa 21 Epulo 2025, m'mawa wotsatana ndi Pasaka, Kadinala Kevin Farrell anaima m'kachalichi ka m'nyumba ya Santa Marta ku Vatican n'kulengeza kuti Papa Francis atisiya nthawi ya 7:35 m'mawa umenewo. Anali ndi zaka 88. Dzulo lake lomwelo anthu anali atawaona pakhonde la tchalitchi cha St Peter's ali pa njinga ya olumala, mawu akutuluka movutikira, kenaka n'kuzungulira pakati pa khamu la anthu pa galimoto yawo yosatseka ija. Panali patangotha mwezi chitulukireni m'chipatala cha Gemelli, kumene anagonekedwa masiku 38 ndi chibayo cha mapapo onse awiri, ndipo ambirife tinkati zoopsa zadutsa. Madokotala anati inali sitiroko, mtima n'kutsatira pambuyo.

Ine si Mkatolika. Ndinabatizidwa ndi kukulira mu mpingo wa Presbyterian, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti pali munthu mmodzi pansi pano amene anasiyiridwa makiyi a Petro kuti azilamulira Akhristu onse. Choncho imfayi sinandikhudze ngati mmene inakhudzira anzanga a Chikatolika. Chimene chinanditenga mtima sabata imeneyo ndi zimene anthu a zipembedzo zina ankayankhula. Ndinkawerenga mauthenga a atsogoleri, ndinkatsatira zolemba za abale ndi anzanga pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ndinaona chinthu chachilendo. Mawu otentha, ochokera pansi pa mtima, ankatuluka pakamwa pa anthu oti sagwirizana ndi Papa pa chiphunzitso ngakhale pang'ono, ena mwa iwo oti za umulungu wa Yesu safuna n'kumva komwe. Mawu ozizira, ena achipongwe ndithu, ankachokera kwa ife amene timatsegula Baibulo limodzi ndi Akatolika.

Ku Cairo, Sheikh Ahmed el-Tayeb, Imamu wamkulu wa Al-Azhar, kumene Asilamu ambiri a Chisunni amati ndi kuchimake kwa maphunziro a chipembedzo chawo, sanachedwe. Anawalira Francis ngati m'bale, n'kuwatchula bwenzi la Asilamu, n'kukumbutsanso mmene ankayankhulira za anthu a ku Gaza. Wina anganene kuti umenewo ndi ulemu wa m'maofesi, zija akuluakulu amalemberana mnzawo akafa. Amene akukumbukira kumene zinthu zinachokera sangatero. Mu Seputembala 2006 Papa Benedict XVI anakamba nkhani pa yunivesite ya Regensburg ku Germany, momwe anabwereza mawu a mfumu ina yakale ya ku Byzantium onyoza Mtumiki Muhammad, ndipo maiko a Chisilamu anawira. Mu Januwale 2011 Al-Azhar inaimitsa zokambirana ndi Vatican chifukwa cha zimene Benedict anayankhula bomba litapha Akhristu a Chikoputiki pa tchalitchi china ku Alexandria. Ku Cairo anati Papa akulowerera za m'nyumba ya eni. Kunali zii kwa zaka zisanu. El-Tayeb anadzafika ku Vatican mu Meyi 2016, Francis n'kubweza mwendo mu Epulo 2017, ndipo pa 4 Febuluwale 2019 awiriwa anasainira limodzi chikalata cha ubale wa anthu onse ku Abu Dhabi. Kanali koyamba kuti Papa aponde dera la Arabia. Amene ankalira ku Cairo uja ankalira munthu amene anakhala naye pansi kangapo, amene anakonza naye chinthu chomwe chinali chitasweka.

Za ku Najaf ndiye zimandisangalatsa kwambiri. Pa 6 Malichi 2021 Francis anapita kukaona Ayatollah Ali al-Sistani, mtsogoleri wolemekezeka kwambiri wa Asilamu a Chishia ku Iraq, nkhalamba ya zaka 90 pa nthawiyo, yosaonekera wamba pagulu, yokhala m'kanyumba ka lendi m'kanjira kopanikiza pafupi ndi manda a Imamu Ali. Galimoto inathera pamsewu. Papa, amene ankayenda motsimphina chifukwa cha ululu wa m'chiuno ndi mwendo, anatsika n'kumaliza kanjirako wapansi, n'kuvula nsapato asanalowe. Al-Sistani, amene alendo ambiri amawalandira ali chikhalire, anaimirira. Papa atamwalira, ofesi ya mkuluyu inatumiza uthenga wopepesa. Ku Bangui, m'dziko la Central African Republic, mu Novembala 2015, Asilamu a m'dera la PK5 anali atazingidwa ndi magulu a zida a anti-balaka, ambiri mwa iwo odzitcha Akhristu, moti kutuluka m'deralo kunali kuika moyo pa chiswe. Francis analowa momwemo n'kukakhala mu mzikiti wa Koudoukou. Ku Jakarta mu Seputembala 2024, Imamu wa mzikiti wa Istiqlal, Nasaruddin Umar, anawerama n'kupsompsona Papa pamutu ali pa njinga yawo, iwo n'kumugwira dzanja n'kulipsompsona. Mukalondola kumene kunachokera mauthenga okhudza mtima sabata ya malirowo, mupeza kuti ndi kumene Francis anafikako ndi miyendo yawo.

Sikuti Asilamu onse anali kumodzi. Pa intaneti panali mkangano woti kodi Msilamu angapempherere munthu amene wamwalira asali Msilamu. Mnzanga wina amene ndimagwira naye ntchito, munthu wosaphonya Swala, analemba uthenga wabwino wopepesa Akatolika, ndipo anzake ena anamudzudzula. Nditamufunsa anati: "Achimwene, kupepesa ndapepesa, ndipo ndapepesa ndi mtima wonse. Koma kuwapemphera chikhululuko kwa Allah ndiye ayi, pamenepo sindiloledwa." Anandifotokozera za ndime 113 ya Sura 9 ya Kurani, imene mashehe ambiri amaimapo poletsa pemphero lotere. Kenaka anandiuza za hadisi ina yodziwika (nkhani ya zimene Mtumiki ananena kapena kuchita), yoti tsiku lina maliro ankadutsa pamene Mtumiki anakhala, iye n'kuimirira. Atamuuza kuti womwalirayo ndi Myuda, anawafunsa ngati ameneyo sanali munthu wokhala ndi mzimu. "Ine ndaimirira basi," anatero mnzangayo. "Kupitirira apo ndi za Mwini wake."

Ndinamulemekeza chifukwa sananamizire kuti malire palibe. Anadziwa pamene chikhulupiriro chake chimamuimitsa, n'kufika mpaka pamenepo osabwerera panjira. Ife a Chipolotesitanti, amene timaphunzitsana kuti kupempherera akufa n'kosathandiza ndiponso kuti puligatoliyo mulibe m'Malemba, tinali kalikiliki kulemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere, osadzifunsa kuti mawuwo tikuuza ndani. Akatolika okha ndiwo ankachita chimene amakhulupirira: Misa za masiku 9 otsatizana zopempherera mzimu wa Papa, potsamira mwa zina pa 2 Amakabeo 12, buku limene m'Baibulo lathu mulibe.

Kwa Ayuda zinthu zinali zosakanikirana. Francis anali ndi bwenzi la ponda apa nane m'pondepo, Rabbi Abraham Skorka wa ku Buenos Aires, kuyambira kale asanakhale Papa, ndipo mu Meyi 2014 awiriwa anakumbatirana pa khoma lopatulika la Ayuda ku Jerusalem pamodzi ndi mnzawo wa Chisilamu, Omar Abboud. Nkhondo ya ku Gaza itabuka mu Okutobala 2023, ubalewo unayamba kuzizira. Francis ankaimba foni pafupifupi madzulo aliwonse ku parishi ya Holy Family, tchalitchi chokhacho cha Katolika ku Gaza, kufunsa ngati anthu adya ndi mmene ana agonera. Mu Novembala 2024 kunatuluka mawu awo oti pafufuzidwe ngati zochitika ku Gaza sikunali kufuna kutha mtundu wonse. Anakumanapo ndi mabanja a Aisraeli amene anagwidwa ndi Hamas, ndipo ngakhale mu uthenga wawo womaliza wa Pasaka anadzudzula chidani cha pa Ayuda, koma ambiri ku Israel anaona kuti Papa wapendekera mbali imodzi. Atamwalira, Pulezidenti Isaac Herzog anapepesa. Unduna woona za ubale ndi maiko ena unaika uthenga pa X, patangopita maola ochepa n'kuufufuta. Ku maliro boma linangoimiridwa ndi kazembe wake ku Vatican, pamene mu 2005, pa maliro a Papa John Paul II, kunapita Pulezidenti Moshe Katsav mwini wake.

Koma ku Rome komweko kuli Rabbi wamkulu wa mzindawo, Riccardo Di Segni, amene miyezi yochepa m'mbuyomo anali atadzudzula Papa poyera pa nkhani yomweyi ya Gaza. Iyeyu anapita ku Santa Marta kukaona thupi. Maliro anagwa Loweruka, pa 26 Epulo, tsiku la Sabata limene Myuda wosunga chilamulo sakwera galimoto, ndiye anayenda wapansi. Mawu ake aja sanawabweze. Boma la kutali linafufuta uthenga, mnansi wa mumzinda umodzi amene anakangana nawo maso ndi maso anatenga ulendo wa miyendo.

Ena ndingowatchula modutsa. Dalai Lama analemba kalata yopepesa, ngakhale Francis sanakumane naye n'kamodzi komwe. Mu Disembala 2014 Dalai Lama ali ku Rome, Vatican inapewa kuwakumanitsa poopa kukwiyitsa China. Dziko la India, kumene Ahindu ndiwo ambiri ndipo Akhristu safika ngakhale atatu pa anthu 100 aliwonse, linalengeza masiku atatu okhuza maliro.

Tsopano kwa ife Akhristu anzawo. Atsogoleri a mipingo ikuluikulu anachita zaulemu, ndipo ena analiradi. Patriarch Bartholomew wa ku Constantinople, mkulu wa mipingo ya Orthodox imene inapatukana ndi Rome mu 1054, anapita ku maliro monga anapitiranso pa mwambo wolonga Francis mu 2013. Awiriwa ankakonza zokakumana ku Nicaea, m'dziko la Turkey, pokumbukira zaka 1,700 za msonkhano wa mu 325 umene unatipatsa chikhulupiriro chomwe timanena pamtima m'matchalitchi ambiri. Chaka chimenecho Pasaka wa kum'mawa ndi wa kumadzulo anagwa tsiku limodzi, pa 20 Epulo, zimene sizichitika kawirikawiri, ndipo Francis anamwalira m'mawa mwake. A Lutheran ankakumbukira kuti pa 31 Okutobala 2016 Papa anapita ku Lund, ku Sweden, kukapemphera nawo pa mwambo wokumbukira kupatuka kumene Martin Luther anayambitsa mu 1517. Mwa a Anglican amene anapita ku maliro munali Bishopu wamkulu wa ku York, Stephen Cottrell, pamene mpando wa ku Canterbury unali wopanda munthu Justin Welby atatula pansi udindo.

Mbali ya ife a Presbyterian ili ndi mbiri yochititsa manyazi pang'ono. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene mipingo yathu yambiri inamangidwapo, chimanena m'mutu 25 kuti Papa wa ku Rome ndiye Wokana Khristu, munthu wa uchimo uja. Church of Scotland inadzadzipatula ku mawu amenewo mu 1986, patatha zaka 340. Patangopita zaka ziwiri, mu Okutobala 1988, m'busa Ian Paisley wa ku Northern Ireland anaimirira m'nyumba ya malamulo ya Ulaya ku Strasbourg, John Paul II akuyankhula, n'kuyamba kukuwa kuti ameneyu ndi Wokana Khristu, mpaka anamutulutsa mochita kumukoka. Kuchoka pamenepo kufika mu Febuluwale 2023 ndi mtunda wautali. Mwezi umenewo Francis anatera ku Juba, ku South Sudan, pamodzi ndi Welby komanso Iain Greenshields, mtsogoleri wa Church of Scotland chaka chimenecho, atatu pa ulendo umodzi wokapempha mtendere. Zinayambira mu Epulo 2019, pamene Papa, ali ndi zaka 82, anagwada movutikira ku Santa Marta n'kupsompsona nsapato za pulezidenti wa dzikolo, Salva Kiir, amene ndi Mkatolika, ndi za mdani wake pa nkhondo ya pachiweniweni, Riek Machar, amene ndi wa Presbyterian, kuwadandaulira kuti asabwererenso ku nkhondo. Kunena chilungamo, kugwadako sikunaphule kanthu kwenikweni. Pofika Malichi 2025, Papa ali chidwalire, Machar anali atatsekeredwa m'nyumba mwake ndi boma la Kiir. Komabe amene anaona nkhalamba ija ikudzutsidwa pansi ndi anthu oithandiza, akupuma mwa befu, zinawavuta kuti mawa lake aitchulenso chilombo.

Pansi pa atsogoleri, kumene kuli ife anthu wamba, kunali kwina. Malume anga ndi a Seventh-day Adventist, mkulu wa mpingo, munthu wodziwa Baibulo lake kuposa ine kutalitali. Tsiku la maliro ananditumizira chithunzi cha bwalo la St Peter's litadzaza mafumu ndi mapulezidenti, pansi pake atalemba kuti Chivumbulutso 13:3. Nditawaimbira anati: "Mwanawe, ukuona wekha. Dziko lonse likutsata. Asilamu ali pomwepo, Ayuda ali pomwepo, a Buddha ali pomwepo. Ukufunanso umboni wina wotani?"

Kawerengedwe kawo ndi aka. Chilombo chotuluka m'nyanja m'mutu umenewo amati ndi upapa. Bala la imfa limene chinalandira amati ndi la mu 1798, pamene mkulu wa asilikali a France, Berthier, analanda Rome n'kutenga Papa Pius VI ukapolo, amene anakafera ku Valence chaka chotsatira. Kupola kwa balalo ambiri a iwo amakuwerengera kuyambira 1929, pamene pangano la Lateran ndi boma la Mussolini linapatsa Papa dziko lakelake la Vatican. Ndimeyo imapitiriza kuti dziko lonse linazizwa n'kutsata chilombocho. Ndiye taonani mmene zimakhalira: chilichonse chimene ine ndinkachiona ngati chokoma, Imamu kulira Papa, Rabbi kuyenda wapansi, kwa malume chinali chizindikiro choti mapeto ayandikira. Anthu akachuluka pa maliro, ulosi wakwaniritsidwa. Akanachepa, akananena kuti Babulo wagwa. Palibe chimene chikanachitika pabwalo paja chomwe chikanawasuntha.

Ndinawafunsa kuti: "Koma malume, munthuyo payekha mukumuona bwanji? Uja Lachinayi Loyera lapitali anapita ku ndende ya Regina Coeli, mpweya ukumuvuta, kukapepesa akaidi kuti chaka chino sakwanitsa kuwasambitsa mapazi?" Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti iwo alibe chifukwa ndi munthu, nkhani yawo ndi mpando. Ndikuwakhulupirira. Ndi munthu yemweyo amene mnansi wawo wa Chikatolika akagonekedwa m'chipatala amakhala woyamba kukamuona. Mkatolika wa pafupi amamuona nkhope. Papa anali asanamuonepo ngati munthu, ankangoona mpando wa m'ulosi.

Apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa chifukwa chake akutali analira momasuka kuposa apafupi. Msilamu ndi Papa sakulimbirana kanthu. Kusiyana kwawo kunadziwika kalekale, aliyense ali kwake, ndiye Papa akagogoda pa mzikiti amalandiridwa ngati mlendo, n'kuyezedwa ndi khalidwe lake: kodi anavula nsapato, kodi anayankhula mwaulemu, kodi pa tsiku la mavuto anatiyankhulira. Ife ndi Akatolika tili ngati ana a bambo mmodzi amene akukanganirana chuma cha masiye. Yesu ndi mmodzi, Malemba ndi omwewo, aliyense akuti nyumba anasiyira ine. M'bale amene ukulimbirana naye nyumba akamwalira, kumutamanda kumamveka ngati kuvomereza kuti iye ndiye ankanena zoona. N'chifukwa chake abusa ena a mipingo ya Pentekosite ndi ya Evangelical, m'malo mopepesa, anathamangira kukumbutsa anthu zimene Francis ananena kwa achinyamata ku Singapore mu Seputembala 2024, kuti zipembedzo zonse ndi njira zofikira kwa Mulungu. Mawu amenewo inenso sindigwirizana nawo. Yohane 14:6 sindingaidumphe. Koma ndinadabwa kuti thupi lisanalowe n'komwe m'bokosi, chimene chinawafulumira ndi kutsimikizira nkhosa zawo kuti womwalirayo anali wosochera.

Ndipo mukalowa m'nyumba ya Katolika mwenimwenimo ndi mmene munali mabala akuya. Okonda Misa yakale ya Chilatini sanaiwale kuti mu Julayi 2021 Francis anaiikira malire okhwima. Carlo Maria Viganò, amene anakhalapo kazembe wa Vatican ku United States ndipo anachotsedwa mu mpingo mu Julayi 2024, analemba mawu owawa Papa atangomwalira, owawa kuposa a munthu aliyense wa chipembedzo china amene ndinawerenga. Kuno ku Africa chilonda chinali chikalata cha pa 18 Disembala 2023 chololeza ansembe kudalitsa anthu awiri okhalira limodzi popanda ukwati wa mpingo, kuphatikizapo amuna kapena akazi okhaokha. Maepiskopi a ku Malawi anali m'gulu la oyambirira kunena kuti kwawo zimenezo sizichitika, a ku Zambia ndi maiko ena n'kutsatira, ndipo mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa analemba m'malo mwa maepiskopi a mu Africa kukana madalitsowo. Chochititsa chidwi n'chakuti kalata ya Ambongo inatuluka Francis ataiona n'kuivomera. Maepiskopi omwewo anatsogolera Misa za maliro awo, ndipo sindikuganiza kuti zinali zachiphamaso. Anali ana a m'nyumba amene anatsutsana ndi bambo awo ali moyo, n'kudzawaika m'manda mwaulemu.

Pali gulu lina limene kuzizira kwawo sindingakudzudzule ngakhale pang'ono. Anthu amene anagwiriridwa ndi ansembe ali ana akukumbukira kuti mu Januwale 2018, ali ku Chile, Francis anaikira kumbuyo Bishopu Juan Barros, amene ankanenedwa kuti anabisa nkhanza za wansembe Fernando Karadima, n'kunena kuti zonenedwazo ndi miseche. Pambuyo pake anavomera kuti analakwitsa kwambiri, anaitana ena mwa ozunzidwawo ku Vatican kukawapepesa, ndipo maepiskopi onse a ku Chile anapereka makalata otula pansi udindo. Komabe ambiri mwa ozunzidwa m'maiko osiyanasiyana amati zimene anachita zinachepa poyerekeza ndi zimene analonjeza. Anthu a ku Ukraine nawo sanaiwale mawu a Francis a mu Malichi 2024 onena za kulimba mtima kokweza mbendera yoyera pa nkhondo yawo ndi Russia. Kuuza anthu otere kuti pa maliro sayankhula zoipa ndi kuwapondanso kachiwiri. Amene ali ndi bala ali ndi ufulu wokhala chete, ngakhale wonena kuti bala lake silinapole.

Chimene chinandinyansa ndi kusekerera. Ndinaona anthu odzitcha opulumutsidwa akulemba kuti mdani wa Mulungu wagwa, ena n'kuikapo tizithunzi ta moto. Amenewa sanalakwiridwe kanthu ndi Francis, ankangosangalala kuti mbali yawo yagoletsa. Miyambo 24:17 imaletsa kukondwera mdani wako akagwa, ndipo Davide, amene Sauli anamusakasaka m'mapanga kuti amuphe, atamva za imfa yake anang'amba zovala n'kumuimbira nyimbo ya maliro. M'nyimbo imeneyo, mu 2 Samueli 1, mulibe pamene Davide akunena kuti Sauli ankachita bwino pomuthamangitsa. Anangosankha zoti anene tsiku limenelo.

Andale ndiye asiyeni. Javier Milei, asanakhale pulezidenti wa Argentina, anatukwanapo Francis poyera mpaka kuwatchula nthumwi ya woipayo pansi pano. Atalowa m'boma anakawakumbatira ku Vatican mu Febuluwale 2024, ndipo atamwalira analengeza masiku 7 okhuza n'kukakhala kutsogolo pa maliro. Donald Trump, amene anasemphana ndi Francis kuyambira 2016 pa nkhani ya mpanda wa m'malire ndi anthu othawa kwawo, analiponso, ndipo chithunzi chimene chinafala kwambiri tsikulo ndi cha iye ndi Volodymyr Zelensky atakhala pa mipando iwiri m'tchalitchi, atayandikizana mitu. Za m'mitima yawo akudziwa okha.

Francis mwini wake anali atakonzeratu kuti mwambo usakhale wa chifumu. Apapa am'mbuyomu ankaikidwa m'mabokosi atatu olowetsana. Iwo anasankha limodzi la matabwa, la zinki m'kati. Anthu pafupifupi 250,000 anadutsa kudzaona thupi m'masiku atatu. Anakana kuikidwa pansi pa St Peter's, n'kusankha tchalitchi cha Santa Maria Maggiore kumene ankakonda kukapemphera asananyamuke ulendo uliwonse ndiponso akabwerako, ndipo pamanda analamula kuti palembedwe dzina lokha, Franciscus. Pa masitepe a tchalitchicho bokosi linalandiridwa ndi kagulu ka anthu osauka, osowa pokhala, akaidi ndi othawa kwawo, aliyense atanyamula duwa loyera. Palibe amene anawafunsa za chipembedzo chawo, monganso sanafunsidwe Asiriya 12 aja, onse Asilamu, amene Francis anawatenga pa ndege yawo kuchoka pa chilumba cha Lesbos mu Epulo 2016.

Pa 8 Meyi utsi woyera unatuluka, ndipo makadinala anasankha Robert Prevost, wobadwira ku Chicago, amene anatumikira zaka zambiri ku Peru, n'kutenga dzina loti Leo XIV. Ndi Papa woyamba wochokera ku United States. Mu Chivumbulutso 13 muja muli chilombo chachiwiri, chotuluka m'nthaka, cha nyanga ziwiri ngati za mwana wa nkhosa, chimene chimakakamiza anthu kulambira choyamba chija, ndipo a Adventist akhala akuphunzitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1850 kuti chimenecho ndi America. Papa watsopano asanamalize n'komwe kupereka moni pakhonde paja, foni yanga inalira. Anali malume. "Mwanawe," anatero, "tsegula vesi 11."